Tsiku Limene Ba Mainess Anamasula Makiyi

Ku komboni ya George mukafunsa kuti kwa Ba Mainess Miti ndi kuti, anthu savutika n'kukulozerani. Amangoti, "Imani pomwepo, muwamva." Ndipo zoona, musanamalize kukuntha fumbi kumapazi mumamva mawu akutuluka kuseri kwa malata, akukalipira nkhuku, kapena mdzukulu, kapena boma. Mayi amenewa Mulungu anawapatsa kholingo la anthu atatu, ndipo iwo sanafune kumukhumudwitsa pongolisunga.

Anabadwira ku Katete, nabwera ku Lusaka ali kamtsikana kudzalera ana a malume awo. Anakwatiwa ndi Fanwell, womanga nyumba, munthu wofatsa kwambiri moti anthu ena anadziwira pa maliro ake kuti Ba Mainess anali pabanja. Pa ana anayi, awiri anatsogola, awiri ali kwawo ndi mavuto awo, ndipo m'zipinda ziwiri za ku George munatsala iwo ndi adzukulu atatu odya ngati dzombe.

Ntchito ankagwira pa wodi ya amayi odwala misala, pa chipatala china chimene sindichitchula dzina, chifukwa nanenso mawa mutu ukhoza kundizungulira n'kukafuna bedi komweko. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi! Sanali nesi ayi, ndipo mukawatcha nesi ankatsonya. "Nesi amalemba," ankatero, "ine nimagwira." Ankakolopa, kusambitsa, kudyetsa, ndipo akabwera wodwala watsopano atamangidwa ndi zitenje, abale ake atabisala kuseri kwa galimoto, mawu anali amodzi: "Itanani Ba Mainess!" Pa mkono wamanzere anali ndi chipsera cha mano asanu ndi limodzi. Dzino lawo lakutsogolo linapita ndi mbale yachitsulo imene inauluka osawachenjeza.

Pa wodi yotere pamakhala malamulo osalembedwa paliponse, koma woswa amalipira ndi thupi lake. Wodwala sumupatsa msana. Akamaliza kudya, masupuni amawerengedwa, chifukwa supuni yonoledwa pa simenti ndi mpeni. Ndipo lalikulu kuposa onse, makiyi sachoka pathupi. A Ba Mainess anali pa chingwe cha nayiloni chomangidwa m'chiuno, mkati mwa yunifolomu. Ankapita nawo kuchimbudzi, ankapita nawo ku George, ankapita nawo kutchalitchi, ndipo akamavina popita kukaponya chopereka, makiyi ankayimba nawo.

Zaka zimenezo zinthu zinali zitakhota. Kwacha inkangotsika, unga ukukwera, magetsi akubwera anthu atagona n'kuchoka asanadzuke. Pa wodi sopo anatha, mankhwala ena anatha, mabedi makumi awiri ankagonapo anthu opitirira makumi atatu. Wantchito akamwalira kapena akathawa, m'malo mwake sankabwera wina, ankangobwera mawu akuti pirirani. Ba Mainess ankayamba ndi mzere wa madzi pa kiyosiki, kenako mzere wa minibasi, ndipo pofika pa wodi mtima unali utawira kale. Chowagwira chinali chimodzi. Zinatsala zaka ziwiri zokha kuti amalize ntchito mwaulemu, alandire penshoni, adzukulu aja apitirize sukulu. Ndipo aliyense ankadziwa kuti wochotsedwa ndi mlandu amatuluka ndi chikwama chake chokha.

Mlandu unabwera ndi supuni.

Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anawerenga masupuni napeza kuti imodzi palibe. Anawerenganso. Palibe. Wotolera mbale tsiku limenelo anali Magdalene, wodwala wokhalitsa, mayi woonda wa imvi za apa ndi apo, amene kale ankasoka zovala ku Chawama mutu usanamutembenukire. Zaka zisanu ndi zinayi pa wodi zinamusandutsa wantchito wosalipidwa. Ankasesa, kutolera mbale, kutengera manesi tiyi, ndipo chitseko chilichonse chamkati ankadutsapo osafunsidwa.

"Iwe Magi, supuni ili kuti?"

"Sininaione, Ba Mainess."

"Ine sindine mnzako. Supuni!"

"Nakamba kuti sinina..."

Mbama inalira, phaa! Magdalene anakagwera pa chitsulo cha bedi, mlomo n'kung'ambika. Panalibe woona. Patapita ola, Ba Mainess akufuna kansalu kopukutira thukuta, dzanja linagunda chinthu chozizira m'thumba mwawo momwe. Supuni! Anatakasira tiyi wawo m'mawa n'kuiwala. Anaiponya mwakachetechete m'beseni la zinzake, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa paja panatsekeka popanda wopatseka.

Magdalene anakadandaula kwa a matroni, Ba Sisita Mwape, mayi wolankhula motsitsa amene akakwiya amayamba wavula magalasi. Ba Mainess anakana kwamtuwagalu. "Anagwa yekha, Ba Sisita. Mumudziwa mutu wake." Nanga pakati pa wamakiyi ndi wotsekeredwa, bwalo limamvera ndani? Dokotala analemba m'failo kuti wodwala wayambanso kuona zinthu zosachitika, namuwonjezera mapiritsi. Koma Ba Sisita Mwape anavula magalasi.

"Ba Mainess, sininaone, so sinizalemba. Koma nikazamva kuti ni zoona, muzayenda tsiku lomwelo, olo zitsale zaka ziwiri, olo masiku awiri. Ndipo pa Mande muyamba maphunziro a Ba Webster. Nifuna pepala yake pa tebulo panga."

Ba Webster ameneyu anali mwana wa ku Kalingalinga koma wophunzira kunja, wa shati yoyera ndi botolo la madzi limene ankayenda nalo ngati khanda. Anatumidwa ndi bungwe lina limene linaona kuti antchito a m'mawodi a misala atopa m'maganizo, ndipo litaganiza mozama linapeza kuti chosowa si sopo, si anthu owonjezera, koma kuwaphunzitsa kukhala phee. Maphunzirowo anali ndi dzina loluma lilime, maindifulunesi, koma Ba Mainess anawatcha sukulu yokoka mpweya. Anali a masabata asanu ndi atatu, Lolemba lililonse masana, m'chipinda chimene kale ankagonekamo odwala olusa. Chinali ndi zenera limodzi la zitsulo, ndi chitseko chachitsulo chokhala ndi kazenera kosuzumirapo.

Tsiku loyamba anthu asanu ndi atatu anabwera ndi mimba zokonzeka, poti maphunziro a mabungwe amadziwika ndi nkhuku yokazinga ndi zakumwa zozizira. Ba Webster anagawa mtedza. Njere imodzi munthu mmodzi.

"Musadye," anatero mofatsa. "Iyang'aneni monga simunaionepo. Inunkhizeni. Iikeni pa khutu, muimvetsere."

"Ba Webster," anatero Ba Mainess, "ine nabadwira ku Katete. Nshawa naibyala, naikumba, naisenda, naisinja, sinakambepo na ine olo kamodzi. Iyamba lelo?"

Ndipo yawo anali ataimeza kale.

Sabata yachiwiri mnyamata uja anati onse atseke maso. Ha! Anthu a Pentekosite ukawauza kutseka maso, waitana moto. Nesi wina, Ba Emelda, anayamba monong'ona, kenako mokweza, posakhalitsa theka la chipinda linali m'malilime, likudzudzula mzimu wa umphawi ndi wa kuthima kwa magetsi. Ba Webster ankangoliza kabelu kake, ngii, ngii, ngati wogulitsa ayisikilimu wasochera pa maliro. Ba Mainess sanapemphere nawo, komanso maso sanatseke. Anakhala msana kukhoma, maso pa chitseko.

"Ise kuno sititseka maso," anamuuza, akuloza mpata wa dzino lija. "Apa ninatseka kamodzi chabe. Ninali kuyetsemula."

Tisaname, ena zinawathandiza. Ba Emelda ankati mutu wasiya kuwagogoda madzulo. Rex, chimunthu chogwira odwala ku wodi ya amuna, ankangoti akauzidwa kumvetsera zala za kumapazi, mkonono n'kuyamba, ndipo ankadzuka akuyamika kuti sukulu yabwino chonchi sanaionepo. Ngakhale Ba Mainess omwe, tsiku lina kondakitala atawaponda phazi, anakoka mpweya katatu asanamutukwane, ndipo anadabwa kuti chitukwano chinatuluka chokonzeka bwino kuposa kale.

Koma kukhala phee ankadana nako, ndipo chifukwa chake ankachidziwa okha. Chipinda chikangoti zii, mbama ija inkaliranso m'makutu mwawo. Ndipo akatuluka, Magdalene anali pakhonde ndi tsache, mapiritsi owonjezera aja atamulemetsa, akusesa malo amodzi omwewo, dovu likutsika pa chibwano. Ba Mainess ankadutsa mwachangu, akukalipira munthu wina aliyense amene wayandikira.

Lolemba lomaliza Ba Webster anabwera ndi kadengu. Anati lero ndi tsiku la chete, maola awiri osalankhula, osayang'ana foni, osanyamula kalikonse ka ntchito. Mafoni m'kadengu. Makiyinso m'kadengu, chifukwa munthu akangosuntha pang'ono amalira n'kusokoneza anzake. Kadenguko kakhala panja pa mpando, kuti foni ikanjenjemera isamveke.

Ba Mainess anayang'ana a matroni, kudikira kuti amudzudzule mwanayu. Koma Ba Sisita Mwape, amene anali atakhala nawo tsikulo kuti aonetse chitsanzo, anamasula awo n'kuponyamo. Enanso anatsatira.

"Ba Sisita, makiyi sachoka pathupi."

"Ba nesi Ba Cathrine bali pa wodi, bazayang'ana. Odwala bamwa mankhwala, bagona."

"Ndiponso pepala nipatsa wamene wachita vonse," anawonjezera Ba Webster. "Ba Mainess, masabata seveni simunatsekepo maso. Nizasaina bwanji?"

Zaka ziwiri, adzukulu atatu. Ba Mainess anatembenukira kukhoma, nalowetsa dzanja m'yunifolomu. Mfundo inali itauma moti anachita kuimasula ndi mano otsalawo. Anaponya makiyi m'kadengu, nakhala pansi, natseka maso. M'chiuno munapepuka moti anamva ngati akhala pagulu osavala.

Anakoka mpweya. Anautulutsa. Anakokanso. Penapake Rex anayamba mkonono wake. Kenako kunamveka kaphokoso kakang'ono, khetye! Enawo sanakamve n'komwe, koma Ba Mainess phokoso limenelo ankalidziwa monga mayi adziwira chifuwa cha mwana wake.

"Atitsekera," anatero.

"Lekani ganizo ija ipite monga mtambo, Ba Mainess," ananong'ona Ba Webster, maso ali chitsekere.

"Mtambo wa chani! Atikhomera, imwe!"

Kazenera ka pachitseko kanatseguka, ndipo panaoneka nkhope ya Magdalene, kadengu kali pa mkono ngati akupita ku msika.

"Ba Cathrine bali kuti?" anafunsa a matroni.

"Bayenda ku geti. Kwabwera lole ya unga wochipa." Magdalene anapukuta chibwano, nawayang'ana mmodzimmodzi. "Mwachoma bwanji, odwala banga? Nindani sanasambe? Ba Sisita, tsegulani kukamwa. Kwezani lilime nione."

Ba Emelda anaseka, kenako anakumbukira mbali ya chitseko imene ali, nasiya. Rex anaponda chitseko katatu n'kukhala pansi atagwira bondo, poti chitsekocho anachipangira anthu amphamvu kuposa iye. Ba Webster anayandikira kazenera ndi mawu ake a mafuta aja.

"Ba mayo, nikumva kuti muli na ukali mu mtima, ndipo ukali si choipa, tingaulandire chabe..."

"Uyu ni watsopano?" Magdalene anafunsa enawo. "Akamba maningi. Mumulase nyeleti agone."

Mphindi khumi sizinathe, mphunzitsi wa kufatsa anali atamasula mabatani a shati, akufunsa ngati m'chipindamo mukulowa mpweya wokwanira. Kenako anakakamira zitsulo za pazenera n'kuyamba kukuwa. "Thandizeni! Titsegulireni! Ise sitidwala, ndise ba stafu!" Koma abale, mawu amenewo, pa zenera limenelo, akhala akumveka tsiku ndi tsiku chimangire chipatala. Bambo wotchetcha udzu anadzutsa mutu, nagwedeza dzanja mwaulemu. "Ee, ee, mawa bazakutsegulirani," anatero, napitiriza kutchetcha.

Pamenepo Ba Sisita Mwape anavula magalasi, nalankhula motsitsa kuti wa panja asamve. Pa makiyi awo panali ya kabati ya mankhwala. Ndipo pa bedi la pakona panali mayi wachitsikana amene anabwera Loweruka atayesa kudzichotsa moyo. Zoseka zinathera pomwepo.

Ba Mainess anadzuka ndi chida chawo cha zaka zonse. "Iwe Magi! Tsegula apa manjemanje! Nikatuluka uzanidziwa!" Zenera linachita kunjenjemera. Magdalene anawayang'ana, natseka kazenera, phwa. Ba Mainess anamenya chitseko ndi zikhatho, anaopseza, anatchula nyeleti, anatchula apolisi, anatchula ngakhale Mulungu. Kunja kunali zii. Kholingo la anthu atatu linali litakanika kutsegula chitseko chimodzi.

Ba Mainess anakhala pansi, msana atatsamira chitsulo. Panalibe choti amenye, panalibe choti agwire, choncho anachita chokhacho chimene chinatsala. Anakoka mpweya. Osati chifukwa chokhulupirira Ba Webster, amene panthawiyo ankalira akuitana amayi ake pa zenera, koma chifukwa chifuwa chinafuna. Anautulutsa pang'onopang'ono. Anakokanso. Patapita kanthawi anayamba kumva tinthu: njiwa padenga, mpope ukutsokomola wopanda madzi, ndipo kuseri kwa chitsulo, pafupi penipeni ndi msana wawo, munthu wina akupuma. Makiyi analira pang'ono. Magdalene sanapite kulikonse. Nayenso anali atakhala pansi, atatsamira chitseko chomwecho.

Ba Mainess anatsegula pakamwa, napatsekanso. Anadikira kuti wina ayambe kulankhula, chinthu chimene ngakhale malemu Fanwell sanachione.

Mawu anadzera pa mpata wa pansi pa chitseko, olemera ndi mapiritsi.

"Ba Mainess, mutu wanga umanama. Nidziwa. Umaniuza kuti amai banga bali pa zenera, koma banafa kudala. Ndiye ine nimafunsa imwe ba makiyi kuti ichi chilipo olo kulibe, ndipo vamene mwakamba nimakhulupirira. Zaka naini nakhulupirira imwe kupambana mutu wanga. Manje tsiku ija, bedi inaning'amba mlomo, iyo nivomera. Koma tsaya inawawa masiku atatu, uku kumanzere. Tsaya inamenyedwa na ndani? Ba dokota akuti kulibe. Imwe mukuti kulibe. Na ine nayamba kuvomera kuti kulibe. Koma ngati na chamene ninamva na thupi yanga ni boza, chatsala ni chani chamene ningakhulupirire? Sinifuna sore. Nifuna chabe kudziwa. Munanimenya olo simunanimenye?"

M'chipindamo aliyense anamva. Ngakhale Ba Webster anasiya zitsulo. Ba Mainess anayang'ana a matroni, a matroni anayang'ana pansi. Manyazi anawagwira Ba Mainess, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo pa wodwala aliyense, chifukwa anazindikira kuti mbama inali yaing'ono. Chachikulu chinali chimene anamubera mayiyu pambuyo pake.

"Ninakumenya," anatero, mawu osamveka bwino.

"Sininamve. Mau muli nayo."

"Ninakumenya, Magdalene! Na dzanja iyi ya kumanja! Supuni inali m'thumba mwanga!"

Kenako khetye, chitseko chinatseguka. Magdalene anaima pamenepo, misozi ikutsika, akugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anachifunafuna nyumba yonse. "Ninadziwa," ankatero. "Ninadziwa ine."

Ba Sisita Mwape analanda kadengu nathamanga, mayi wosathamangapo chibadwire. Kabati inali yokhoma, palibe anaikhudza. Mayi wa pa bedi la pakona anali m'tulo. Ba Cathrine anatulukira ndi thumba la unga pamutu, akufunsa ngati sukulu yatha msanga. A matroni anabwerera pakhonde pamene onse anali ataima, napukuta magalasi nthawi yaitali. Iwonso anali ndi mlandu wawo wa makiyi, ndipo wantchito wonga Ba Mainess, masiku amenewo, ukamuchotsa sulandira wina.

"Ba Mainess mwachita bwino," anatero mokweza kuti onse amve. "Wodwala akagwira makiyi timamuuza chilichonse chamene afuna kumva. Munakamba chabe kuti atsegule, si so?"

Rex anavomera ndi mutu. Ba Emelda anavomera msangamsanga. Khomo linali litatsegulidwa, lalikulu, loti munthu n'kudutsa ndi penshoni yake pamutu. Mawu amodzi okha, ee, basi. Magdalene akanabayidwa nyeleti, dokotala akanalemba mzere wina m'failo, Lolemba linalo moyo ukanapitirira.

Ba Mainess anayang'ana Magdalene. Mayi uja anali atasiya kugwedeza mutu. Ankayang'ana a matroni, kenako Ba Mainess, kenako a matroni, ndipo dzanja lake linakwera pang'onopang'ono kukagwira tsaya lakumanzere, ngati akufuna kulifunsanso.

Anaganiza za adzukulu aja, mmodzimmodzi, ndi nsapato zawo zakutha. Anachita mantha, mantha enieni.

"Iyayi, Ba Sisita," anatero. "Ninamumenya. Ndipo kwa imwe ninanama."

Ba Sisita Mwape anatseka maso kanthawi. Kenako anavala magalasi, natola chingwe cha nayiloni m'kadengu, nachiika m'thumba mwawo. Ba Mainess anakatenga chikwama chawo ndi kapu yawo ya tiyi, nafika pa chitseko chachikulu cha wodi, dzanja likupita lokha m'chiuno. Munalibe kanthu. Anaima pamenepo mpaka Ba Cathrine anatula unga n'kudzawatsegulira.

Kalata yowachotsa ntchito inabwera patatha sabata. Pepala la Ba Webster nalonso linabwera, lokhala ndi dzina lawo m'zilembo zopindapinda, ndipo ndi lolimba bwino, amakupizira mbaula. Ku George nkhani inafika iwo asanatsike minibasi. Amayi a pa kiyosiki anagamula kuti misala ndi yopatsirana, chifukwa munthu wabwinobwino sangataye penshoni kaamba ka mbama imodzi imene palibe anaiona. Mwana wamkazi wa Ba Mainess anabwera kuchokera ku Matero kudzawafunsa ngati choonadi chimathiridwa mchere n'kudyedwa. Ba Mainess anamutukwana bwinobwino, koma mwanayo atapita analira. Anayamba kukazinga vitumbuwa pafupi ndi mzere wa madzi. Mdzukulu wamkulu anayamba kusenza katundu wa anthu ku msika akaweruka, ndipo masiku ena sankapita n'komwe ku sukulu.

Lamlungu lachinayi, atatuluka m'tchalitchi, Ba Mainess sanapite kunyumba. Anagula malalanje anayi, nakwera minibasi ziwiri, akudzitukwana njira yonse kuti mkazi wopusa ngati iwo sanabadwe. Pa wodi anaima pa mzere wa odzaona odwala. Mlonda watsopano anawapisa m'chikwama, nawauza kuti mayi inu khalani apo mudikire. Anakhala.

Magdalene anatuluka akuyenda mowongoka, chibwano chouma, poti dokotala anali atafufuta mzere uja n'kumuchepetsera mapiritsi. Ataona amene wamuitana anaima. Anayang'ana kumbuyo kwake ngati pali Magdalene wina. Kenako anabwera nakhala pa benchi, kusiya mpata wa munthu mmodzi pakati pawo.

"Mwabwera kuona ndani?"

"Nanga pali wina ninamenya? Tenga." Anamukankhira pulasitiki.

Magdalene anasuzumiramo. "Malalanje sinidya ine. Yamaniwawitsa m'mimba. Zaka naini simudziwa?"

Zaka zonsezo Ba Mainess anamusambitsa mayiyu, anamumeta tsitsi, anamuyang'ana pansi pa lilime m'mawa ndi madzulo, ankadziwa chipsera chilichonse cha pathupi pake. Za malalanje sankadziwa. Chitukwano chinafika pa lilime mwa chizolowezi, koma anachimeza.

"Nanga ukonda chani?"

Magdalene anakwinya nkhope, nayang'ana manja ake, nayang'ana mtengo wa mango wa kuseri kwa mpanda. "Imani," anatero. "Imani nikumbukire."

Ba Mainess anaika pulasitiki ya malalanje pansi, napinda manja pamiyendo, nadikira.